Mtovu suimba ng'oma: mmene mungatetezere ubongo ndi mitsempha ya mwana wanu pakhomo

Loweruka lina ndikudutsa ku Chibavi mu Mzuzu muno ndinapeza ana atatu atakhala pansi kuseri kwa kagalaja, akusewera ndi tizitsulo totuwa tobowokabowoka ngati sefa. Wamng'ono, amene anali asanakwane zaka ziwiri, anali ndi chigumu kudzanja ili, kachitsulo kudzanja linalo. Tizitsuloto tinali ta m'kati mwa batire la galimoto limene wina anaswa. Nditawauza bambo a pagalajapo, anandiyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, ana amenewa amasewera pompano tsiku ndi tsiku, sanadwalepo." Sankanama. Anawo ankaoneka athanzi, ndipo vuto lagona pomwepo.

Mtovu, umene amakaniko amangouti ledi, ndi chitsulo chofewa, cholemera, chotuwa. Ulibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu. Ukalowa wambiri nthawi yochepa umapha: m'chaka cha 2010 ana oposa 400 anamwalira ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, chifukwa cha fumbi la miyala ya golide imene inkaperedwa m'makomo. Koma umene tiyenera kuuopa kwambiri ife a ku Zolozolo, ku Mchengautuwa kapena ku Masasa ndi mtovu wochepa, wolowa pang'onopang'ono pa chala chopita kukamwa. Mwana satentha thupi, salira usiku, ku sikelo amalemera bwino. Zotsatira zimadzaoneka ali Sitandade 2 kapena 3, aphunzitsi akamadandaula kuti sakhazikika, amaiwala msanga, sagwira zimene wauzidwa. Chakudza sichiimba ng'oma, choncho malangizo awa ndi ogwiritsa ntchito mwana akadali bwinobwino.

Zimene mtovu wochepa umachita m'thupi

Mitsempha imene ndikunena pano si ya magazi ayi, koma ija yonyamula mauthenga, kuchokera kukhutu kupita ku ubongo, kuchokera ku ubongo kupita kuchala chogwira pensulo. Kuti uthenga udumphe kuchoka pa selo ina kupita pa inzake, thupi limagwiritsa ntchito kashiamu, mchere uja umene umalimbitsanso mafupa. Mtovu umafanana ndi kashiamu moti thupi limaulandira n'kuupatsa malo. Uli ngati kiyi wa nyumba ina amene walowa m'loko wanu: satsegula, komanso watsekereza kiyi weniweni. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri ubongo wake umakhala ukuluka njira za mauthenga usana ndi usiku, ndipo kutsekereza kumeneku kumasiya njira zina zosalumikizika bwino, makamaka za kukumbukira, kutchera khutu ndi kudzigwira.

Mitsempha yaitali, monga ya m'miyendo, ili ndi chikuto chamafuta chothandiza kuti uthenga uzithamanga, ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Mtovu umawononganso chikutocho. M'zaka za m'ma 1970, Dr Philip Landrigan ndi anzake anayeza ana okhala pafupi ndi fakitale yosungunula mtovu ku Kellogg, m'chigawo cha Idaho ku America. Anapeza kuti mwa ana amene anali ndi mtovu wambiri m'magazi, uthenga unkayenda mochedwerapo mu mtsempha wa m'mwendo, ngakhale anawo sankaoneka odwala. Kuchedwa kwa m'miyendoku kumaonekera mtovu ukakwera ndithu, koma ubongo umayamba kuvulala pa mlingo wotsika kwambiri, ndipo makutu nawo amayamba kumva moperewera pang'ono.

Madokotala amayeza mtovu powerenga mamayikrogalamu mu desilita imodzi ya magazi (gawo limodzi mwa magawo 10 a lita), ndipo mayikrogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. M'chaka cha 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti mlingo ukafika 5, gwero la mtovuwo lifufuzidwe n'kuchotsedwa. Bungweli limanenanso kuti palibe mlingo wodziwika umene tingati ndi wosaopsa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2005, wophatikiza ana 1,333 a m'maiko angapo, anaonetsa chinthu chimene kholo lililonse liyenera kumva. Mtovu ukakwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 10, ana ankataya mapointi pafupifupi 4 pa mayeso a nzeru aja a IQ. Kuchoka pa 10 kufika pa 20 ankataya pafupifupi 2, kuchoka pa 20 kufika pa 30 kupitirira 1 pang'ono. Ndiye kuti mtovu woyambirira, wochepa uja, ndi umene umaba zambiri. Lipoti la mu 2020 la UNICEF ndi Pure Earth, bungwe lolimbana ndi zinthu zapoizoni zoipitsa malo, linati mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi ali pa mlingo wa 5 kapena kuposa.

Mwana ndi amene ali pachiopsezo chifukwa amakhala pansi pomwe pali fumbi, chilichonse amaika kukamwa, ndipo matumbo ake amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi a munthu wamkulu. Wina umatuluka, koma wotsalawo umakabisala m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri.

Choyamba: gwadani, muone nyumba ndi maso a mwana

Gwadani pamene mwana amakwawa, m'nyumba, pakhonde ndi pabwalo. Dzifunseni: pali batire pafupi? Pali penti amene akusupuka? Alipo pakhomo pano amene amagwira ntchito ya mabatire, yowotcherera, yopenta kapena yogula zitsulo zakale? Mwanayu amadya dothi? Mafunso amenewa muwafunsenso kwa agogo, kwa aneba ndi kusukulu ya mkomba phala, kulikonse kumene mwana amaswera.

Chachiwiri: batire

Ngati mungakwanitse chimodzi chokha, chikhale ichi. Nyumba zambiri mu Mzuzu zili ndi batire la sola kapena la galimoto, lowonerera TV ndi kutchajira mafoni magetsi akathima kapena kumene sanafike. Batire limodzi la galimoto lili ndi makilogalamu angapo a mtovu. Likakhala losasweka, loimikidwa bwino pamalo okwera pamene mwana safika, silivuta kwenikweni. Ufa woyera umene umamera pamitu pake muupukute ndi kansanza konyowa, kansanzako mukakulunge m'jumbo n'kukataya kutali ndi ana, kenako musambe m'manja.

Vuto limayamba batire likafa. Musaliswe. Musathire madzi ake pansi. Musalisiye kuseri kwa nyumba kuti mudzaligulitsa mtengo ukakwera, chifukwa m'miyezi imeneyo limang'aluka ndi dzuwa, mvula ya kuno n'kumakokolola za m'kati kupita pabwalo. Litengeni lathunthu, mukalisiye kumene mukugula latsopano kapena kwa ogula mabatire akufa. Chigoba chake si mpando, si chidebe, si modyera nkhuku.

Ena amasungunula mtovu wa m'batire pambaula kuti apange zolemetsa mbedza ndi maukonde, kapena zomatira. Ntchito imeneyi isachitike pakhomo, ndipo chitini chosungunuliramo chisayandikire kukhitchini. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaswa mabatire ndi kusefa dothi pofuna mtovu wogulitsa. Makolo awo ankangofuna ndalama yodyera, ngati tonsefe.

Ngati pamalo panu panaswedwapo mabatire, dziwani kuti mtovu suwola. Ku Kabwe, kwa anansi athu ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero dothi la m'makomo ozungulira likudwalitsabe ana. Malo oterowo akwirireni ndi dothi latsopano lochindikala n'kudzalapo kapinga, kapena ikanipo simenti. Musalimepo mpiru kapena repu, nkhuku zisamapalasepo chifukwa mtovu umafika mpaka m'mazira, ndipo musakumbepo dothi lozira nyumba. M'mbali mwenimweni mwa misewu yakale ngati M1 namonso si mosewerera ana: petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa kuno kum'mwera kwa Sahara pofika mu 2006, koma utsi wa zaka zam'mbuyo unatsalira m'dothi.

Chachitatu: mtovu usabwere kunyumba pa ovololo

Abambo a m'magalaja a ku Luwinga ndi m'tauni, okonza maladiyeta, opopera penti pamagalimoto, okonza mafoni ndi mawailesi ndi kawaya kofewa kosungunula kaja, ndikulankhula ndi inu. Mukamafika madzulo mwana amakuthamangirani n'kukukumbatirani miyendo, nkhope yake pa buluku limene laswera mu fumbi. Vulani zakuntchito konko ngati n'kotheka. Ngati sizingatheke, nsapato zitsale panja, ovololo ilowe m'jumbo, musambe ndi sopo, kenako mumunyamule. Zovala zakuntchito zichapidwe pazokha, osati m'beseni limodzi ndi matewera.

Amayi ogulitsa nsima kapena mandasi m'magalaja, mwana akhale kumsana kapena mumusiye kunyumba. Musamutsitse pansi pamenepo.

Chachinayi: penti

Zaka zingapo zapitazi bungwe lolimbana ndi mtovu la LEEP linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi muno n'kupeza mtovu wochuluka mu penti wambiri wa mafuta, uja wosungunula ndi thina. Kuchokera pamenepo a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondoloza nkhaniyi, ndipo zinthu zikusintha. Koma penti amene anapakidwa kale pazitseko, m'mawindo, pamabagala ndi pamipando akadali pomwepo. Mitundu yowala, makamaka yachikasu, yofiira ndi yobiriwira, ndi imene kawirikawiri imakhala ndi mtovu wambiri. Mlingo umene maiko amalimbikitsa ndi wosapitirira magawo 90 pa 1,000,000.

Pogula, werengani chitini, mufunse penti wolembedwa kuti alibe mtovu. M'kati mwa nyumba pakani penti wa madzi. Penti wakale amene akadali wolimba musiyeni kapena mupake wina pamwamba pake. Woopsa ndi amene akufumbutuka, makamaka pamene chitseko kapena windo limakhulana ndi felemu. Chinyontho cha kuno chimasupula makoma msanga, choncho yang'anani mvula ikangotha. Tizidutswa ta penti timakomako pang'ono kukamwa, n'chifukwa chake mwana akatilawa amabwererako.

Pokonza, musakhule ndi sandipepa wouma, musawotche ndi moto. Nyowetsani kaye, palani pang'onopang'ono, pansi mutayala pepala kapena thumba loti mudzakulunge n'kutaya. Ana ndi mayi woyembekezera achoke m'nyumbamo mpaka mutakolopa kawiri. Mukalemba mmisiri, muuzeni zimenezi ntchito isanayambe, ndipo a pa lendi kambiranani ndi eni nyumba.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sitiziganizira. Matabwa opentedwa, monga zitseko zakale ndi mipando yothyoka, si nkhuni. Utsi wake uli ndi mtovu, phulusa lake lilinso nawo, ndipo phulusa lomwelo n'limene ena timachezera chidulo cha therere kapena kutsukira mbale. Chachiwiri ndi zitini ndi zidebe zotha penti: musasungiremo madzi akumwa, ufa kapena thobwa. Pensulo yokha musaiope: chakuda cha m'kati mwake si mtovu, ngakhale ena amachitchula choncho.

Chachisanu: fumbi ndi manja

Mtovu wambiri umene mwana amameza sumaoneka. Uli mu fumbi. Kusesa pouma kumangouulutsa n'kuukhazikanso pambale ndi pamkeka. Wazani madzi musanasese, pasimenti kolopani, ndipo pukutani m'mawindo ndi nsanza yonyowa, makamaka kuyambira September mpaka mvula itagwa. Mwana wokwawa muyalireni mkeka kapena chitenje choyera.

Kusamba m'manja tisanadye nsima tinazolowera. Pamene timaphonya ndi pa tizakudya ta pakati: nthochi, chitumbuwa, mbatata, kamba. Apa ndi pamene mwana amadya ndi manja a kubwalo. Musambitseni ndi sopo, madzi othira osati a m'beseni limodzi, ndipo zikhadabo zikhale zazifupi. M'miyezi ya June ndi July ana amathawa madzi chifukwa cha kuzizira kwa kuno. Fundutsani pang'ono pambaula. Chakudya chogwa pansi chatayika. Zidole zitsukidwe, ndipo chidole chimene penti wake akuchoka chichotsedwe.

Chachisanu ndi chimodzi: poto, madzi ndi zodzola

Mapoto ochindikala opangidwa posungunula zitsulo zakale ndi otchipa ndipo amalimba, koma zimene zimalowa m'ng'anjo ndi zosakaniza, kuphatikizapo zida za injini ndi maladiyeta. Ku Cameroon ndi maiko ena ofufuza anapeza kuti mapoto otere amatha kutulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chowawasa. Sindikunena kuti mutaye mapoto onse lero. Gulani kapoto kamodzi kachitsulo chosachita dzimbiri, kakhale ka phala la mwana. M'mapoto enawo musagonekemo ndiwo za tomato, ndipo musawakhule m'kati ndi mchenga mpaka kuwala.

Otunga madzi a mvula padenga lopentedwa, siyani mvula yoyamba itsuke denga, ndipo ngati penti akusupuka madziwo akhale ochapira. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Madzi a pampopi akagona usiku wonse, tsegulani atuluke pang'ono musanatunge ophikira phala, chifukwa mipopi ina ya mkuwa ndi zolumikizira zake zimakhala ndi mtovu.

Wanja wopaka m'maso, makamaka waufa wakuda wopanda chizindikiro, wina amapangidwa ndi mwala wa mtovu. Khanda musalipake. Ufa wa mankhwala umene simukudziwa zimene asakanizamo musampatsenso mwana.

Chachisanu ndi chiwiri: mimba yokhuta, magazi okwanira

Mwana wanjala amayamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta, ndipo amene akuperewera ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) kapena kashiamu thupi lake limatsegula makomo onse, mtovu n'kulowera pomwepo. Asayambe kusewera m'mawa asanadye phala, ndipo azidya pang'onopang'ono kangapo patsiku. Ubwino wake, zofunikazo tili nazo pafupi. Usipa wa ku Nkhata Bay wodyedwa ndi minga yomwe uli ndi kashiamu ndi ayironi. Usinjeni muthire m'phala. Onjezani nsinjiro, soya, nyemba, mazira, chiwindi, mkaka, bonongwe, nkhwani ndi chigwada. Chipatso monga gwafa, lalanje, mango kapena malambe chimathandiza thupi kuyamwa ayironi, pomwe tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Chakudya sichichotsa mtovu umene walowa kale, ndipo sichilowa m'malo mochotsa batire lija, chimangochepetsa wolowa.

Amayi oyembekezera, mtovu umene unabisala m'mafupa anu kalekale umatuluka nthawi ya mimba n'kupita kwa mwana, makamaka ngati kashiamu akuchepa. Imwani mankhwala owonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo. Chilakolako cha dothi ndi chenicheni ndipo si chochititsa manyazi, koma nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, komanso simungadziwe kumene dothi logulitsidwalo linakumbidwa. Auzeni anamwino. Kuyamwitsa pitirizani.

Chachisanu ndi chitatu: zokanena kuchipatala

Kuyeza mtovu si mbali ya zimene zimachitika ku sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo dokotala sangauganizire ngati simunamuuze. Mukapita ku Mapale, ku St John's kapena ku Mzuzu Central Hospital, nenani mosabisa: "Mwanayu wakhala akusewera pamene amaswa mabatire," kapena "amadya penti wa pakhoma." Pemphani kuti alembe zimenezi m'kabuku kake ka kuchipatala, amuyeze kuchuluka kwa magazi, ndipo funsani kumene angayezedwe mtovu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu muuzeninso, chifukwa pamene pali mwana mmodzi wokhudzidwa pamakhala anzake osewera nawo.

Thamangani tsiku lomwelo ngati mwana amene wakhala pafupi ndi mtovu akusanza mobwereza, akumva m'mimba kwambiri ndi kudzimbidwa, akungogona, akudzandira kapena kukoka phazi, wasiya kuchita zimene ankatha kale monga kuyenda kapena kutchula mawu, kapena wakomoka. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, choncho ngati malungo sanapezeke, kumbutsani za mtovu.

Mankhwala okoka mtovu m'magazi alipo, ndipo amapulumutsa moyo mlingo ukakwera kwambiri, cha pa 45 kupita m'mwamba. Koma sabweza nzeru. Ku America anayesa mankhwala otchedwa succimer pa kafukufuku wa ana 780 amene mlingo wa mtovu m'magazi mwawo unali pakati pa 20 ndi 44. Zotsatira za mu 2001 zinaonetsa kuti mtovu m'magazi unatsika, koma pa mayeso a nzeru anawo sanapose anzawo amene sanalandire. N'chifukwa chake ndakhalitsa pa batire, penti ndi fumbi. Musagule zakumwa kapena zitsamba zimene akuti zimatsuka magazi. Ndalamayo mugulire usipa ndi sopo.

Ngati mwana wakhudzidwa kale

Si mwana aliyense wovutika m'kalasi amene ali ndi mtovu, ndipo si mwana aliyense amene anakumana ndi mtovu amene adzalephere sukulu. Gwero likachotsedwa mlingo wa m'magazi umayamba kutsika, ndipo ubongo wa mwana umapitiriza kukula ndi zimene akumva ndi kuchita. M'mera mpoyamba: muzicheza naye, mumuimbire, mumuuze nthano n'kumufunsa kuti abwereze, muwerenge naye nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, mumupatse choko ajambule pansi kuti zala zizolowere. Akakwana zaka zitatu ayambe sukulu ya mkomba phala.

Mwana wotere kawirikawiri amatchedwa waulesi kapena wosamva, n'kumakwapulidwa pa chinthu chimene sanachisankhe. Musanakalipe, muitaneni dzina, akuyang'aneni, mumuuze chinthu chimodzi, akachita mumuuze china. Ngati amafuna mubwereze mawu kapena amakweza wailesi, akayezedwe makutu. Auzeni aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo. Ngati wafika zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mawu awiri, kapena akuchedwa kwambiri kuyenda ndi kugwira zinthu, a St John of God konkuno ku Mzuzu amathandiza ana ochedwa kukula. Pitani ndi kabuku kake, ndipo mukafotokoze kumene amasewera ndi ntchito imene imagwiridwa pakhomo panu.